Ndinabwera kudzafa, fupa linakana

Maganizo opita ku Kepi anandibwerera ndili m'munda wa mwini, khasu lili m'manja. Chaka chimenecho thonje linatikana, chimanga chinapserera chisanamasule, ndipo ife a kwa Kalembo tinabalalika kusaka maganyu. Ine ndinakapalira kwa Elube, mnzanga amene ndinkamulembera masamu ku pulayimale. Iye anakhala pakhonde la nyumba ya malata, foni ili kukhutu, akuseka ndi amuna ake a ku Joni, ine ndikuwerama pa mizere yake. Dzuwa litapendeka anandipimira madeya m'kabeseni, n'kusalaza pamwamba ndi dzanja kuti asapitirire. Dzanja limenelo ndi limene linanditumiza ku Kepi. Ndisaname, sinali njala yokha. Ndine munthu wonyada, wamtima wapachala, ndipo kusalaza kuja kunandiwawa kuposa njalayo.

Bambo ake a mwana wanga Tamanda anali atanyamula kale bulangete ndi njinga yawo n'kubwerera kwawo kwa Kawinga, monga amachitira akamwini ena zinthu zikathina. Choncho wondiletsa panalibe. Ndinagulitsa mbuzi, ndinathamangira pasipoti, ndipo achemwali anga aakulu, a Doresi, anangoti, "Pita. Chimene adye ana anga, adya chomwecho." Tamanda anali ndi zaka zitatu. M'mawa wonyamuka anamutengera kwa aneba kuti asandione ndi chikwama, ndipo atayamba kundifuna anamuuza kuti amayi apita kuchigayo. Kuchigayoko ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi.

Ku Kepi ndinafikira kwa Asiyatu, mayi wa ku Ntaja amene nambala yake ndinapatsidwa ndi wachibale wa wachibale. Kachipinda kathu kanali ka malata, kuseri kwa nyumba ya munthu, ndipo mphepo ya kumeneko ikayamba kankalira ngati kakufuna kuuluka. Asiyatu ankaswali mbali yake, ine ndinkapemphera mbali yanga, poto anali mmodzi. Ntchito inali ya m'nyumba za azungu: Lolemba uku, Lachiwiri uko, kukolopa, kusita, kutsuka zimbudzi zoyera kuposa mbale za kwathu. Adona ena sankafuna mopu, ankati sachotsa litsiro la m'makona, choncho ndinkakolopa chogwada nyumba yonse, masitepe omwe.

Ndalama zinkabwera, zimenezo sindikana, koma sizinkagona. Mwezi ukatha foni inkayamba kulira ngati nayonso yamva fungo: feteleza, yunifolomu, maliro a uje, malata a nyumba imene ndinkamangitsa pafupi ndi ya achemwali. Ndinkatumiza mokondwa, nthawi zina motukwana chamumtima. Chimene ndinkadikira ine ndi Lamlungu masana, achemwali akakwera pachulu pamene pamagwira netiweki n'kumuika Tamanda pa vidiyo. Mwanayo ankandiyang'ana ngati waona mphunzitsi wamkulu. "Lankhula ndi amayi ako a ku Kepi," achemwali ankatero. Iye n'kuti, "Muli bwanji," basi, n'kubisala kuseri kwa chitenje. Amayi enieni, opanda dzina la malo, anali a Doresi. Foni ikaduka ndinkakhala pabedi osadziwa chochita ndi manja anga. Anthu ku Kepi ali mbwee, koma ndinasungulumwa koopsa. Ndinkapesa tsitsi la mwana wa adona ndisakudziwa kuti la mwana wanga lafika pati.

Masiku ano ndikakhala pa benchi langa la tomato pa Ulongwe, anthu amandifunsa kuti matenda anga anayamba bwanji, makamaka amene nawonso ali ndi kanthu kowawa penapake. Ndimawauza kuti chinayamba chaka chachisanu, ngati dzino lowawa koma lili m'mwendo, pansi pa bondo lamanzere, mkati mwenimweni mwa fupa. Sikunali kupweteka kogwetsa munthu ayi. Chinkangonyenya, lero kusiya, mawa kubwera. Ndinati n'kugwada kuja, ndinamwa panado, ndinapaka mafuta otentha aja. Miyezi inapita. Tsiku lina posamba ndinapeza kachotupa kolimba gwa, kosasuntha, kowawa ukakadina, ndipo kanakula pang'onopang'ono mpaka kufika ngati theka la dzira. Masitepe ndinayamba kukwera motsimphina. Koma sindinaonde, thupi silinkatentha, ndipo kudya ndinkadya ngati wochokera kumunda.

Asiyatu ndiye anandikokera kuchipatala chaching'ono cha kumeneko. Anandijambula mwendo, dokotala anakweza chithunzicho powala n'kundilozera malo akuda, obulungira, mkati mwa fupa, ngati pamene nankafumbwe wafumbula chimanga. Anati n'chotupa cha m'fupa, koma kuti n'chamtundu wanji sangadziwe mpaka atatapako kachidutswa n'kukapima. Anandilembera kalata ya kuchipatala chachikulu, tsiku lake miyezi iwiri kutsogolo. Munthuyo sananene kuti ndikufa, ndisamunamizire. Inanena ndi foni. Nditafika kunyumba ndinaifunsa za chotupa cha m'fupa, ndipo inandionetsa miyendo yodulidwa, mitu yopanda tsitsi ndi mawu akuti khansa ponseponse. Ndinawerenga mpaka batire kutha.

Komanso m'mutu mwanga munali mayi wina wa kwathu komwe kuno amene anamwalira ku Kepi chaka cham'mbuyo mwake. Thupi lake linakhala mufiriji masabata atatu, ife tikusonkha ndi kuthamangira mapepala, ndipo pomaliza ananyamuka m'kangolo kokokedwa ndi galimoto, pamodzi ndi matiresi ndi mawailesi a anthu. Ine ndinaima pamsewu kukaperekeza ndi maso. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti ine ayi. Ngati n'kufa, ndikwera basi ndekha, ndikhale pampando ngati munthu, ndikafere pamene adzandisambitse ndi achemwali anga.

"Felesiya, wapenga?" anatero Asiyatu ataona ndikulongedza. "Tsiku la kuchipatala silinafike, iwe wadzilembera kale imfa. Tsiku la munthu amalemba ndi Allah. Iwe cholembera wachitenga kuti?"

"Mwendo ndi wanga, ndikuumva ndine," ndinayankha.

Anandinena masiku atatu, kenako anatopa, anandiphikira mpunga wa paulendo n'kundinyamulira chikwama mpaka pabasi. "Ajende chenene," anatero m'chiyankhulo chawo pondifunira ulendo wabwino, nkhope atayang'ana kwina.

M'basimo ndi mmene ndinakonzera zonse, mwendo nditautambasulira m'kanjira, anthu akuudumpha motukwana. Ndinakonza ngati mmene ndinkakonzera nyumba ya adona Lachisanu, chilichonse pamalo pake, mwini wake asapeze chodandaula. Nyumba ndi munda zikhale za Tamanda, oyang'anira amalume. Tamanda akhale wa achemwali mpaka kalekale. Ndipo chachikulu pa zonse, mwanayo asandizolowere. Anandilira kale kamodzi ali ndi zaka zitatu, ndiye ndinati sindimupatsa mayi wa miyezi iwiri kuti adzalirenso kachiwiri. Panthawiyo ndinkaona kuti chimenechi n'chikondi chachikulu zedi. Ndinkadzimvera chisoni, komanso penapake ndinkadzitama.

Ndinatsika pa Ulongwe dzuwa likuswa mtengo, ndinakwera njinga yamoto mpaka kumudzi. Nyumba yanga, imene pafoni inkaoneka ngati ya bwana, inali yaing'ono, yopanda pulasitala, mbuzi zitagona pakhonde. Anthu anabwera kudzandilonjera, achemwali analulutira. Kenako ndinaona mtsikana wamtali wovala yunifolomu akubwera pang'onopang'ono, mayendedwe ngati a malemu amayi athu. Anagwada chapatali n'kunena, "Mwayenda bwanji, amayi?" Sanati a ku Kepi. Thupi lonse linkafuna kumukumbatira. Ine ndinamupatsa dzanja ngati mlendo wochokera ku boma, ndinamutulutsira nsapato ndi diresi, n'kuti, "Kaonetse amayi ako."

Masiku otsatira mwanayo anayesetsa. M'mawa ankandibweretsera madzi osamba. Akaweruka kusukulu ankabwera kudzakhala kumapeto kwa mphasa yanga, kumangolemba pansi ndi kamtengo. Ine ndinkamupezera ntchito: pita ukathandize amayi ako, pita ukaone mbuzi. Akachoka ndinkalowa m'nyumba kukalira. Za mwendo ndinauza achemwali okha, ndipo tinagwirizana, monga zimakhalira kwathu, kuti zoterezi sauza ana. Koma kumudzi nkhani ilibe chitseko. Sabata isanathe amayi a mpingo anabwera ndi nkhuku ndi nyimbo zoziziritsa nkhongono, n'kumandiyang'ana ngati akundiyeza bokosi.

Lamlungu lachiwiri ndinaitanitsa amalume a Jailosi, eni mbumba yathu, amene amakonza njinga pa Ulongwe ndipo manja awo sayera ngakhale pa Khirisimasi. Tinakhala atatu pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ndinayala zonse zimene ndinakonza m'basi, mwadongosolo, mawu osanjenjemera. Pomaliza ndinati, "Achemwali, Tamanda ndi wanu. Ine ndamupereka, amalume ndi mboni. Kuyambira lero asamanditchule amayi, asamabwere kwanga. Azolowere."

Amalume anayang'ana zikhadabo zawo. Achemwali anandiyang'ana ine.

"Watha?"

"Ndatha."

"Wakuuza ndani kuti ukufa?"

"Ndaona chithunzi."

"Chithunzicho chinalankhula? Adokotala anati chiyani?"

"Anati akapime kaye."

"Ndiye anapima?"

"Iyayi."

"Asa! Wodwala wanji iwe womaliza wekha nkhuku ya amayi a mpingo, mafupa omwe? Ine sindilandira mwana kwa munthu wodziyeza yekha. Ukabwere ndi kalata ya adokotala yonena kuti ukufa, ndiye tidzakambirane."

Amalume anatsokomola n'kuti, "Mphwanga, apa achemwali akowa anena zoona," ndipo bwalo linathera pomwepo. Ndinadzuka nditakwiya kuti andisokonezera imfa yanga yokonzeka bwino. Podutsa paseri pa bafa, mapazi ochepa kuchoka pamene tinakhala, ndinapeza lichero la nandolo litasiyidwa pansi, makoko ali mbwee, nkhuku zikudyamo. Amene ankasenda nandoloyo anali Tamanda.

Kuyambira tsiku limenelo madzi osamba anasiya kubwera. Kumapeto kwa mphasa kunakhala kopanda munthu. Chimene ndinkafuna chija chinachitika, ndipo chinandiwawa kuposa mwendo.

Achemwali sanachedwe. Anafukula okha chithunzi ndi kalata m'chikwama changa, ndipo m'mawa mwake njinga yamoto inali pakhomo. Ndinayesa kukana. Mantha anga enieni, amene sindinauze ngakhale Asiyatu, anali mpeni. "Nanga akandidula mwendo?" ndinafunsa. "Ndidzakubereka," anatero. "Sindinakubereke uli kamwana kolira usiku ndi usana? Kwera." Kuchipatala cha pa boma ku Balaka anaona chithunzicho n'kutitumiza ku Blantyre, kwa madokotala a mafupa. Achemwali anasiya munda, anamanga ufa ndi kambaula m'chitenje, n'kukhala gadiyani wanga, kugona pasimenti ndi azimayi anzawo. Kumeneko anandibaya dzanzi, anatapa kachidutswa kaja, n'kutiuza kuti tibwerere kumudzi tikadikire.

Kudikirako kunatenga masabata angapo, ndipo ndi nthawi yoipa kuposa ina iliyonse pa moyo wanga. Osati chifukwa cha imfa, imeneyo ndinali nditaizolowera ngati mnansi. Koma Tamanda anayamba kuzungulira kuseri kwa khola popita kumjigo kuti asadutse pakhomo panga. Tikakumana maso ndi maso ankagwada mwaulemu wonse n'kuti, "Mwaswera bwanji," basi. Osati amayi, osati a ku Kepi, dzina ndinalibe. Nsapato zija ndinaziona zitavalidwa ndi mwana wa achemwali. Ndinkadziuza kuti zili bwino, ndi mmene ndinakonzera. Koma ndinayamba kupemphera pemphero lachilendo, lakuti ngati ndikufa ndife msanga, chifukwa kumuona mwanayo akundilambalala sindikanatha kukupirira nthawi yaitali.

Tsiku lokamva zotsatira tinapeza dokotala wamkazi, wochepa thupi, wolankhula mofulumira ngati minibasi ikumusiya. Anatsegula pepala, sanazungulire. "Mayi, si khansa."

Ndinamupempha abwereze. Anabwereza. Anatchula dzina la chotupacho, lalitali, lachizungu, limene mpaka lero lilime langa limalikana. Kenako anafotokoza m'Chichewa. Anati m'thupi muli timbewu timene timapanga fupa lofewa lija timatafuna kumapeto kwa mwendo wa nkhuku, ndipo kwa anthu ochepa kwambiri, makamaka achinyamata ndi a msinkhu wanga, timeneti timachulukana pamalo amodzi mkati mwa fupa n'kupanga chotupa. Chimakula pang'onopang'ono, chimadya fupa pamene chakhalapo, koma sichiyenda kupita m'mapapo kapena kwina kulikonse. N'chosowa kwambiri moti anaitana ophunzira udokotala kuti adzaone chithunzi changa, n'kumachipatsirana ngati cha ukwati.

Mafunso anafunsa ndi achemwali.

"Adokotala, si kugwada kumene ankagwada kwa azunguko?"

"Ayi."

"Zakudya za m'zitini zija?"

"Ayi, mayi."

Achemwali anatsitsa mawu. "Kapena anaponda zinazake? Anthu ndi ansanje, mwanayu wamanga ya malata."

Dokotala anamwetulira. "Chimene chimayambitsa sitikuchidziwa bwinobwino, ndisakunamizeni. Koma si ntchito, si chakudya, si munthu, ndipo sapatsirana."

Apo m'pamene ine ndinalowererapo. "Ndili ndi mwana wamkazi. Angadzakhale nacho?"

"Si cha kumtundu. Musamudere nkhawa."

"Nanga mwendowu?"

"Mwendo mubwerera nawo kwanu. Titsegula, tipala chotupacho, m'bowomo tiikamo tizidutswa ta fupa tochokera m'chiuno mwanu, n'kutseka. Mukanachisiya chikanapitiriza kudya mpaka tsiku lina fupa kuthyoka mukungoyenda. Chimodzi chokha: nthawi zina chimaphukanso pamalo pomwepo. Ndiye muzibwera tizikujambulani kwa zaka zingapo. Chikabwera tidzapalanso, koma sichikuphani."

Titatuluka panja ndinakhala pansi pakhonde la chipatala, anthu akudutsa. Ndinaseka, ndinalira, ndinasekanso. Achemwali anavula mpango kumutu n'kuyamba kundikwapula nawo. "Chitsiru iwe! Chitsiru cha ku Kepi! Kutisowetsa tulo miyezi iwiri!" Akutero misozi ikutsika mpaka m'khosi. M'pamene ndinadziwa kuti ukali wa pansi pa mango uja anali mantha, nawonso ankaganiza kuti ndikupita. Njala imene ndinamva masana amenewo sindinaimvepo ngakhale chaka cha madeya chija. Tinagula tchipisi pageti, tinadya chiimire, mafuta akuyenderera m'zigongono. Ndinatumiza mawu kwa Asiyatu, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo, akukuwa mokuti anthu anatembenuka: "Alhamdulillah! Cholembera chija ubweze kwa mwini wake!"

Opaleshoni anachita patapita masabata awiri. Nditatsitsimuka chinthu choyamba ndinakweza mutu kuwerenga zala zakumapazi, ndipo zinali khumi. Chodabwitsa, m'chiuno mmene anatapa fupa munkapweteka kuposa mwendo weniweniwo. M'wodimo ndinagona pafupi ndi mayi wina wachikulire amene chotupa chake chinali cha mtundu woipa uja, ndipo iye anabwera mochedwa. Ndikamuyang'ana kuseka kwanga kunkachepa. Iye ndi amene anandiuza kuti, "Mwanawe, ukapita uziwauza anzako azibwera chikadali chaching'ono." N'chifukwa chake pa benchi la tomato sinditopa kuyankha mafunso, ndipo amene wandionetsa chotupa ndimamuuza kuti ine si dokotala, foni yake si dokotala, akwere galimoto.

Ndinabwerera kumudzi ndi ndodo ziwiri ndi lamulo lakuti ndisaponde mwendowo mpaka atandiuza. Apa ndinadziwa manyazi a mtundu wina, a munthu amene watsanzika koma osanyamuka. Amayi a mpingo anabweranso, ulendo uno ndi nyimbo zovina, ndipo mmodzi anafunsa moseka ngati nkhuku ija ndibweze. Elube yemwe uja anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, n'kukhala tsiku lonse akundichapira. Ndinamuyang'ana dzanja lija losalaza madeya. Mudzi wonse unasangalala, ndipo ine ndinasangalala nawo, kupatula kuti munthu mmodzi sanabwere.

Ndinaitanitsanso amalume. "Amalume, mawu aja ndikufuna kubweza."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ubweza chiyani? Analandira ndani? Mwana si mbuzi yoti lero ili khola ili, mawa khola ilo. Tamanda anali wa Doresi iwe usanamupereke, ndipo ndi wako ngakhale unamupereka. Kwa ine ulibe mlandu. Mlandu wako uli kwa mwini wake, ndipo kumeneko ine sindingakuperekeze."

Anapita, ndinatsala ndikuganiza. Ku Kepi ndinaphunzira kuti chilichonse umakonza wekha, wolira nawe palibe, ndipo ukachoka pamalo uzisiya mosesa. Nzeru zimenezo zinandisunga zaka zisanu ndi chimodzi, ndiye ndinabwera nazo kumudzi ngati katundu wapamwamba. Koma kuno sizigwira. Kuno ukadwala adwala nawe ngakhale usawaitane, ndipo suwasankhira anthu kuti akulire kapena asakulire. Ndinkayesa kuti ndabwera kudzakonzera mwana wanga malo. Malowo anali nawo kale, wopanda malo ndinali ine, ndipo amene ankandipatsa ndinamuthamangitsa ndekha.

Tsiku lina masana ndinakhala pakhonde, mwendo uli pa kampando, ndikuyang'ana m'buku langa la kuchipatala kuti ndione tsiku lobwerera. Ndinamuona akuchokera kusukulu, chikwama kumsana, akukhotera kale kuseri kwa khola.

"Tamanda, tabwera."

Anaima kaye, kenako anabwera n'kugwada pansi pa khonde, patali.

"Sendera kuno."

"Munati ndisamabwere."

Mawu anga omwe, osachotsera, osawonjezera. "Ndinatero. Ndinkaganiza kuti ndikufa, mwanawe. Ndinkafuna kuti usandizolowere, usadzalire kwambiri."

"Ndinkadziwa," anatero, maso ali pansi. "Kusukulu onse ankanena kuti amayi ako abwera kudzafa. Ndinamenyana ndi Lusiya, aphunzitsi anatikwapula tonse."

"Unamenyana chifukwa chiyani?"

"Ine ndinkati abwerera ine."

Ndakhalapo ndi mpeni m'fupa, koma umenewo anali atandigoneka. Uwu ndinaumva wonse. Pepani sapoletsa chilonda, ndikudziwa, koma mankhwala ena ndinalibe. "Pepa, Tamanda. Ndinalakwa kwambiri. Amayi ako ndine chitsiru, afunse amayi ako aakulu akuuza." Sanaseke. Anatola kamtengo n'kuyamba kulemba pansi. Patapita nthawi anafunsa, osadzutsa mutu, "Mwendo ukapola mubwerera ku Kepi?"

Zoona zake, ndinali ndisanaganize bwino. Asiyatu anali atanena kale kuti adona awiri akundifunsabe, ndipo nyumba inali isanapakidwe pulasitala. Ndikanangoti iyayi, mwanayo sakanandikhulupirira, ndipo akanalakwa pati? Ndinayang'ana buku limene linali pamiyendo panga, ndipo maganizo anga anatha pomwepo. Ndinamupatsa. "Werenga wekha zimene alemba adokotala."

Anakwera pakhonde kuti alandire. Anatsegula, anayendetsa chala pa masiku amene dokotala uja anandandalika: mwezi wamawa, kenako pakatha miyezi itatu, kenako isanu ndi umodzi, kenako chaka chamawa, ndi chaka chinacho. Anawerenga kawiri, milomo ikugwedera.

"Masiku onsewa muzipita ku Blantyre?"

"Eya."

"Kuchokera kuno?"

"Kuchokera kuno."

Anatseka bukulo, analipukuta fumbi ndi yunifolomu. "Ndizisunga ndine, amayi. Inu mungataye." Anatsegula chikwama n'kuliika pakati pa makope ake, ndipo sanatsike pakhondepo mpaka achemwali atamuitana kukadya.

Papita zaka ziwiri tsopano. Ndodo ndinataya kalekale, ndimapalasa njinga mpaka pa Ulongwe, ndipo chatsala n'chipsera ndi kunyenya pang'ono kukazizira. Chotupacho sichinaphukenso. Bukulo likadali m'chikwama cha Tamanda, ndipo tsiku la kuchipatala likayandikira ndimachita kukapempha kwa mwini wake. Ndikabwerako sayamba wafunsa za mwendo. Amatsegula kaye bukulo kuti aone ngati adokotala alembamo tsiku lina.